Kuyala chamba pansi pa ukonde m'nyumba kuti nsonga zonse zilandire kuwala

Chamba chikasiyidwa chokha chimakula ngati mtengo wa paini: nsonga imodzi yapakati imathamangira m'mwamba, nthambi zam'mbali n'kutsalira pansi. Panja zimenezi sizivuta kwenikweni, chifukwa dzuwa limayenda ndipo limawomba mbewu mbali zonse. M'nyumba nyali imakhala pamalo amodzi, pamwamba, ndipo kuwala kwake kumachepa msanga mukamatalikira. Nsonga yapafupi ndi nyali imabereka duwa lalikulu lolimba, pomwe nthambi zimene zili masentimita 40 kapena 50 pansi pake zimabereka timaluwa topepuka.

Njira ya ukonde, imene alimi amaitcha ScrOG, imathetsa vutoli. Mumayala ukonde mopingasa pamwamba pa mbewu, ndipo nthambi iliyonse ikafuna kupitirira ukondewo mumaibweza pansi n'kuilozetsa chammbali. Potsiriza mumakhala ndi nsonga zambiri zofanana msinkhu, zonse pa mtunda umodzi kuchokera ku nyali. Zimatheka chifukwa nsonga yapamwamba kwambiri imatulutsa homoni yotchedwa auxin, imene imatsika mu tsinde n'kumaletsa mphukira zam'mbali kukula. Nsongayo ikadulidwa kapena kugonekedwa, mphamvu yake yolamulira imachepa, ndipo mphukira za pa mfundo iliyonse zimadzuka.

Lamulo la chamba limasiyana dziko ndi dziko. Kwina ndi mlandu waukulu, kwina pamafunika laisensi, ndipo kwina munthu amaloledwa mbewu zowerengeka. M'zigawo zambiri za Canada nyumba imodzi imaloledwa mbewu 4 kuyambira 2018, ndipo ku Germany munthu wamkulu amaloledwa mbewu 3 kuyambira Epulo 2024. Malangizo awa ndi a anthu amene lamulo la kwawo likuwalola kulima. Malire a chiwerengero cha mbewu ndiwonso achititsa kuti njirayi ifale, chifukwa mbewu ziwiri kapena zitatu zoyalidwa bwino zimadzaza malo amene akanafuna mbewu khumi.

Sankhani mbewu yoyenera

Njirayi imafuna chamba chimene chimayamba maluwa pokhapokha usiku ukatalika, chifukwa ndi chimene chimakudikirani mpaka ukonde utadzaza. Mbewu za autoflower zimayamba maluwa zokha zikakwana masabata atatu kapena anayi, kaya ukonde wadzaza kaya ayi, ndipo zikadulidwa nsonga sizipeza nthawi yochira. Woyamba kumene azipewe.

Mbewu zikhalenso zazikazi zotsimikizika. Kuzula yaimuna imene yalukana kale ndi ukonde ndi ntchito yowawa, ndipo imasiya mpata waukulu wopanda kanthu pansi pa nyali. Gwiritsani ntchito njere zimene zinakonzedwa kuti zizitulutsa zazikazi zokha, kapena timitengo todulidwa ku mbewu imodzi yaikazi. Timitengo ta mayi mmodzi ndiye tabwino koposa chifukwa timakula mofanana. Mukaika mitundu iwiri yosiyana pansi pa ukonde umodzi, wina umatalika msanga n'kuphimba unzake.

Pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi mutha kuika mbewu imodzi mpaka zinayi. Imodzi imadzaza malowo, koma imafuna masabata ambiri okula. Zinayi zimadzaza msanga koma zimapanikizana pansi. Ziwiri ndi poyambira pabwino. Zidebe zikhale za malita 15 mpaka 25, zokhala ndi mabowo okwanira pansi, chifukwa mbewu ikalowa mu ukonde simudzathanso kuisamutsira m'chidebe chachikulu.

Kupanga ukonde

Mufunika chimango cha makona anayi, miyendo inayi, tizomangira ndi chingwe. Chimango chingakhale cha matabwa opyapyala kapena mapaipi a PVC a mamilimita 20 kapena 25, ndipo chikhale chocheperako pang'ono kuposa mkati mwa tenti yolimiramo mbewu m'nyumba kapena chipinda kuti chilowe mosavuta. Khomani timisomali kapena timasikuluu pamwamba pa chimangocho, motalikirana masentimita 5 mpaka 7 mbali zonse zinayi. Kenako kungani chingwe kuchokera mbali ina kupita mbali ina, mobwerezabwereza, n'kuchitanso chimodzimodzi mopingasa, kuti patuluke mabowo a masentimita 5 mpaka 7.

Kukula kwa mabowo n'kofunika. Akaposa masentimita 10 nthambi zimapulumuka n'kuimanso chilili. Akachepera masentimita 5 zala sizilowa, ndipo masamba amang'ambika pobweza nthambi.

Chingwe chikhale chofewa koma chosatamuka, monga cha nayiloni chokhuthala mamilimita awiri kapena atatu. Chingwe cha mbedza ndi waya wopyapyala zimacheka khungu la nthambi ikamanenepa. Waya wa khola la nkhuku ena amaugwiritsa ntchito, koma umakanda manja ndi nthambi, ndipo nthawi yokolola umavuta kwambiri. Maneti otamuka ogulitsidwa pamodzi ndi matenti ndi abwino pochirikiza maluwa olemera, koma pogoneka nthambi ndi ofooka. Mbewu yamphamvu imangowakankhira m'mwamba, pakati n'kutukumuka. Chingwe chikungidwe mpaka chizilira mukachikhudza, ndipo chimango chimangiriridwe ku mizati ya tenti kapena kulemeretsedwa, chifukwa nthambi makumi angapo zikamakankha pamodzi zimatha kunyamula chimango chopepuka.

Ukonde uime masentimita 20 mpaka 30 pamwamba pa mlomo wa chidebe. Ukatsika kwambiri simudzatha kulowetsa dzanja kuti muthirire, ndipo mpweya sudzayenda pansi. Ukakwera kwambiri mumataya masabata kudikira kuti mbewu iufikire, komanso mumadya mpata wa pakati pa maluwa ndi nyali.

Konzani za pansi ukonde usanatseke

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndipo amazindikira mochedwa. Nthambi zikalukana ndi ukonde, chidebe sichisunthanso mpaka tsiku lokolola. Simungachitembenuze, simungachitulutse kukataya madzi, simungachinyamule kuti mumve kulemera kwake.

Choncho ikani zidebe pa kachitsulo kapena timatabwa tokwera pang'ono, pansi pake pakhale thireyi yolandira madzi otuluka, imene mungathe kuikoka kapena kuipopa madzi osasuntha mbewu. Madzi akakhalitsa m'thireyi mizu imawola ndipo timantchentche ta m'dothi timaswana. Pothirira gwiritsani ntchito keni ya mlomo wautali, kapena kapaipi kofika pa chidebe chilichonse. Amene ali ndi mapaipi odontheza madzi awaike tsopano.

Yesaninso kutalika kwa mkono wanu. Munthu amafika bwino masentimita 60 kapena 70 osatsamira maluwa. Ngati tenti imatseguka mbali imodzi yokha ndipo ndi yakuya kuposa pamenepo, ngodya zakumbuyo zidzakhala zosafikika pa nthawi imene zikufunika manja tsiku ndi tsiku. Ndi bwino kuchepetsa ukonde kusiyana n'kukhala ndi mbali imene simungaigwire.

Kudula nsonga

Nthawi yokula, nyali iziyaka maola 18 n'kuzima maola 6. Mbewu ikafika mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi, dulani tsinde pamwamba pa mfundo yachitatu kapena yachinayi. Gwiritsani ntchito lumo kapena sizasi yakuthwa yopukutidwa ndi spiriti, ndipo siyani kachitsa ka theka la sentimita kapena sentimita imodzi pamwamba pa mfundoyo. Kachitsako kamathandiza kuti tsinde lisang'ambike pakati nthambi ziwiri zatsopano zikadzakokedwera mbali zosiyana.

Mbewu imaima kukula masiku angapo, kenako mphukira ziwiri zapamwamba zimasanduka nsonga zazikulu, ndipo zam'munsi zimayamba kuthamanga. Nthambi zatsopanozo zikatulutsa mfundo zitatu mutha kuzidulanso nsonga kuti zikhale zinayi. Kudula kawiri kumakwanira. Musadule mbewu yodwala, yofota, kapena imene mwangoisamutsa kumene. Idikireni ichire kaye.

Mbewu isanafike pa ukonde, yambani kale kutambasula nthambi. Mangani nthambi iliyonse ndi kachingwe kofewa kapena waya wokutidwa ndi labala, n'kuikokera pang'ono kumlomo wa chidebe. Zikatero zimafika pa ukonde zitabalalika kale, m'malo mofika zonse pa mabowo anayi apakati.

Kulowetsa ndi kubweza nthambi

Iyi ndiye ntchito yeniyeni, ndipo imafuna kupirira kuposa luso. Lolani nsonga ituluke pa bowo mpaka italike masentimita 5 kapena 7 pamwamba pa ukonde. Kenako ilowetseni pansi mosamala, muigoneke, n'kuitulutsira pa bowo lotsatira chakunja, kutali ndi tsinde. Imaoneka yopindika ndi yokhumudwa, koma pakangopita maola ochepa nsonga imakhala itadzukanso kuyang'ana nyali. Pakapita masiku awiri kapena atatu yatalikanso, ndipo mumaibwezanso n'kuipititsa bowo lina patsogolo.

Nthambi iziyenda pansi pa ukonde nthawi zonse. Anthu ena amailuka, pamwamba pa chingwe ichi, pansi pa chinacho, ngati akuluka mphasa. Musatero. Nthambi yolukidwa siingasunthidwenso mukafuna kuisintha njira, chingwe chimalowa m'khungu lake ikamanenepa, ndipo pokolola mumachita kudula ukonde wonse. Ukonde ungokhala denga loletsa nthambi kukwera.

Nthambi yogona iliyonse imatulutsa mphukira pa mfundo zake, ndipo mphukirazi zimakula molunjika m'mwamba. Izi ndizo zidzadzaze mabowo apakati. Chifukwa chake nthambi zazikulu zamphamvu muzizitumiza kutali, kungodya ndi m'mbali kumene kuwala kuli kochepa, ndipo zing'onozing'ono muzizisiyira pakati pomwe nyali ikuwomba kwambiri. Zikatero zofooka zimapeza mphamvu, zamphamvu zimachedwako pang'ono, ndipo denga lonse limafanana. Cholinga ndi nsonga imodzi pa bowo limodzi, kapenanso kulumpha bowo. Nsonga ziwiri kapena zitatu pa bowo limodzi zimabereka maluwa ang'onoang'ono okhudzana, ndipo pokhudzanapo ndi pamene nkhungu imayambira.

Masamba akuluakulu amene akuphimba mphukira, alowetseni pansi pa ukonde m'malo mowadula. Tsamba lalikulu ndilo limadyetsa mbewu. Dulani lokhalo limene likubwerera pamalo omwewo tsiku lililonse n'kumaphimba nsonga.

Gwirani pa mbali yanthete ya nthambi, chakunsonga, pomwe ikadali yobiriwira ndi yofewa. Chakutsinde imakhala itauma ngati mtengo ndipo imathyoka. Ikakhala yolimba koma mukufunabe kuipinda, ifinyeni pang'onopang'ono pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, mukuipotokola pang'ono, mpaka mkati mwake mufewe popanda khungu kung'ambika, kenako muigoneke. Pamalopo pamadzatupa mfundo yolimba. Nthambi ikathyoka koma khungu likadalumikizana, musaidule. Ibwezereni pamalo pake, muikulunge ndi tepi, muichirikize, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri imakhala italumikizana. Kumbukirani kumasula tepiyo isanayambe kufinya.

Nthawi yosinthira nyali

Pa zonse, chisankho chimene chimapindulitsa kapena kuwononga ndi ichi. Mukasintha nyali kukhala maola 12 oyaka ndi 12 amdima, mbewu siimangoima n'kuyamba maluwa. Kwa masabata awiri kapena atatu imatalika mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse. Mitundu yotsamira ku indica, yomwe ndi yaifupi ya masamba otambalala, imawonjezera theka la msinkhu wake kapena kuuwirikiza kawiri. Yotsamira ku sativa, yomwe ndi yaitali ya masamba opyapyala, imawirikiza kawiri ngakhale katatu.

Ndiye musadikire kuti ukonde udzaze. Pa mitundu yaifupi ya masamba otambalala, sinthani nyali ukonde ukadzaza magawo 70 kapena 80 pa 100 alionse. Pa mitundu yaitali ya masamba opyapyala, sinthani ukadzaza theka kapena kupitirira pang'ono. Ngati mtunduwo simukuudziwa, sinthani pa magawo 60 mpaka 70. Powerenga, werengani mabowo amene muli nsonga, osati amene aphimbidwa ndi masamba, chifukwa masamba amanyenga maso.

Mukachedwa, mabowo onse amadzaza mbewu zisanasiye kutalika. Nthambi zimasowa kopita, zimakwera pamwamba pa ukonde mosafanana, zina n'kufika pa nyali, ndipo ntchito yonse ya masabata apitawo imapita pachabe. Mukafulumira, ngodya zimatsala zopanda kanthu ndipo kuwala kumagwera pansi. Pa zolakwa ziwirizi, kufulumira n'kopepukirako. Mumangotaya zokolola pang'ono, pomwe kuchedwa kumabweretsa kupsa ndi nkhungu.

Maola 12 amdimawo akhale mdima weniweni. Gwiritsani ntchito taimala, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali pa nthawi yake, tsekani ming'alu ya tenti, ndipo phimbani timagetsi tofiira kapena tobiriwira ta pa zipangizo. Kuwala kolowa usiku kumasokoneza maluwa ndipo kumatha kuchititsa mbewu yaikazi kutulutsa timaluwa tatimuna, n'kudzaza ukonde wonse njere.

Masabata atatu oyamba a maluwa

Tsopano muziyang'ana ukonde tsiku lililonse. Nsonga imene munaibweza dzulo lero mudzaipeza itatulukanso. Pitirizani kubweza ndi kulozetsa kumabowo opanda kanthu kwa masiku 14 oyamba, kapena kufikira 21 pa mitundu yaitali. Chizindikiro choti musiye ndi ichi: mpata wa pakati pa mfundo zatsopano umafupika, ndipo kunsonga kumayamba kusonkhana timaubweya toyera. Zikatero lolani nsonga zonse ziime zokha. Zimakwera masentimita 15 mpaka 25 pamwamba pa ukonde, ndipo mbali imeneyi ndiyo imadzasanduka maluwa. Mukapitiriza kubweza maluwa atayamba kupangika, mumawakwirira pansi pa zingwe pomwe kulibe kuwala.

Nsonga imodzi kapena ziwiri zikapitirira zinzake pa nthawiyi, zikokereni pansi n'kuzimangirira ku chingwe cha ukonde, kapena zifinyeni n'kuzipinda monga tafotokozera. Musakweze nyali chifukwa cha nsonga imodzi yosamvera. Kutero n'kulanda kuwala nsonga zina zonse.

Kutalika kwa nyali kumadalira mtundu ndi mphamvu yake. Nyali zambiri za LED zimakhala masentimita 30 mpaka 45 pamwamba pa nsonga nthawi ya maluwa, pomwe ya sodiyamu yotchedwa HPS ya mawati 600 imafuna masentimita 40 mpaka 60 chifukwa cha kutentha. Tsatirani zimene wopanga nyaliyo analemba. Masamba apamwamba akamapindikira m'mwamba m'mphepete, kapena nsonga za maluwa zikamayera, nyali yayandikira kwambiri. Popeza nyali zambiri zimawala kwambiri pakati, sizolakwika kulola nsonga za m'mbali kutalikako masentimita angapo kuposa zapakati.

Kuyeretsa pansi pa ukonde

Denga likatseka, pansi pamakhala mthunzi. Chilichonse chimene chili pansipo, timphukira tosafika pa ukonde, masamba achikasu, timaluwa tapatsinde, chimangodya chakudya cha mbewu ndi kusunga chinyezi. Chotsani zonsezi mpaka pansi pa ukonde patsale matsinde ndi nthambi zogona zokha. Chitani kawiri: masiku angapo musanasinthe nyali, ndiponso kumapeto kwa sabata yachitatu ya maluwa kutalika kukatha. Ngati zochotsa zili zambiri, gawani ntchitoyi masiku awiri kapena atatu kuti mbewu isadzidzimuke. Zodulazo musazisiye pa dothi.

Mpweya, chinyezi ndi tizirombo

Denga lothithikana la masamba limatulutsa madzi ambiri mumpweya, ndipo madziwo amakodwa pansi ndi mkati mwake. Ikani fani imodzi pansi pa ukonde ndi ina pamwamba, zonse ziziwomba mopepuka moti masamba azingogwedezeka, komanso pakhale fani yotulutsa mpweya kunja. Kutentha kukhale madigiri 22 mpaka 28 nyali ikuyaka. Chinyezi cha mumpweya chingafike 55 mpaka 70 peresenti nthawi yokula, koma chitsike kufika 40 mpaka 50 peresenti maluwa akayamba kulemera. Samalani kwambiri ola loyamba nyali itazima, chifukwa kutentha kukatsika chinyezi chimakwera msanga.

Nkhungu yowoletsa maluwa, Botrytis, imayambira mkati mwa duwa lalikulu pomwe maso saona. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi katsamba kamodzi kotuluka m'duwa kamene kauma mwadzidzidzi ndipo kamazuka mosavuta mukakakoka. Tsegulani pamenepo. Mukapeza zofiirira kapena zaubweya wotuwa, dulani duwalo kupitirira pamalo owola, muliike m'pepala la pulasitiki pomwepo, mulitaye, ndipo mupukute sizasi. Lowola silisutidwa kapena kudyedwa. Nkhungu ina imaoneka ngati ufa woyera pamasamba, ndipo nayo imakonda malo opanda mphepo.

Akangaude ofiira amabisala kunsi kwa masamba, ndipo amadziwika ndi timadontho toyera pamwamba pa tsamba. Mu ukonde amayenda mosavuta kuchoka pa mbewu ina kupita pa ina, ndipo simungathe kupatula yodwalayo. Muziyang'ana kunsi kwa masamba ndi galasi lokulitsa kawiri pa sabata kuyambira nthawi yokula, chifukwa maluwa akayamba mankhwala ambiri opopera saloledwanso.

Pa zakudya, mbewu yoyalidwa imamwa kwambiri kuposa yosayalidwa ya m'chidebe chomwecho. Madzi akhale ndi pH (muyeso wa asidi) ya 6.0 mpaka 7.0 m'dothi, kapena 5.5 mpaka 6.5 mu makoko a kokonati ndi m'madzi okhaokha. Musadule feteleza wa nayitrojeni tsiku limene mwasintha nyali. Mbewu ikufunabe kumanga nthambi kwa masabata awiri otsatira, ndipo mukaimana masamba am'munsi amachita chikasu nthawi isanakwane. Popeza chidebe simungachinyamule, lowetsani chala m'dothi masentimita atatu kapena anayi, ndipo thirirani pakauma.

Maluwa akalemera, chakumapeto, nsonga zazitali zimayamba kugwerana. Mukaona kuti zakwera kupitirira masentimita 25 kapena 30, yalani ukonde wachiwiri wa mabowo akuluakulu pamwamba pa woyamba kuti uzichirikize. Apa neti yotamuka ija imagwira bwino ntchito. Iyikeni kutalika kukangotha, maluwa asanayambe kumata.

Kukolola

Mitundu yambiri imakhwima pakatha masabata 8 mpaka 10 chisinthireni nyali, ndipo ina ya sativa imapitirira 12. Yang'anani timadontho ta utomoni pa maluwa ndi galasi lokulitsa ka 30 mpaka ka 60. Tikakhala toonekera ngati madzi nthawi sinakwane. Tambiri tikachita mbuu ngati mkaka, tina tochepa n'kuyamba kufiirira, nthawi yafika. Ubwino wa denga lofanana ndi woti nsonga zambiri zimakhwima pamodzi.

Musayese kuzula mbewu yonse kudzera mu ukonde. Dulani nthambi imodzi imodzi pansi pa zingwe, muitulutsire m'mwamba, kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo. Pomwe yakodwa, dulani chingwe osati kukoka duwa. Pachikani nthambizo mozondotsa m'chipinda chamdima cha madigiri 15 mpaka 20 ndi chinyezi cha 55 mpaka 60 peresenti, kwa masiku 10 mpaka 14, mpaka timitengo tating'ono tizithyoka m'malo mopindika. Chimango chitsukeni ndi kuchiumitsa, koma chingwe chakale chitayeni n'kukunga chatsopano, chifukwa chimasunga utomoni, nkhungu ndi mazira a tizirombo.